Amuna anga ndi nzika ya Britain: ndipite pa viza ya alendo, mapepala tikakonzere konko?

"Zikomo, ndithandizeni maganizo. Chaka chatha ndinakwatiwa ndi bambo amene ndi nzika ya Britain. Ukwati tinamangitsa kuno, setifiketi tili nayo, ndipo patatha mwezi iwo anabwerera kuntchito ku Leeds, mzinda wa ku Britain. Ine ndinkayesa kuti ndi setifiketiyo angonditenga, koma akuti malipiro awo a mapaundi 26,000 pachaka sakukwana. Munthu wina wodziwa njira wandiuza kuti ndipite pa viza ya alendo, zinazo tikakonzere konko, komanso kuti ndisatchule zoti anandikanizapo viza ya alendo zaka zitatu zapitazo. Ndili ndi mwana wa zaka 9 wa bambo wina. Kodi ndimvere? Nanga unzika ndidzaupeza liti, ndipo pasipoti yangayi adzandilanda? Banja likadzavuta ndili kumeneko ndidzalowera kuti?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Mwafunsa musanaponde paliponse, ndiye palibe chimene chawonongeka. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuthandiza mabanja pa nkhani za mapepalazi, ndaona kuti vuto la malipiro operewera limakonzeka, nthawi zina m'miyezi 6 yokha. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi malangizo awiri a munthu ujayu, chifukwa malangizo oterewa ndi amene amachititsa kuti banja limene likanadikira chaka chimodzi lizunzike zaka 10.

Tiyambe ndi setifiketiyo. Ntchito yake ndi kuchitira umboni kuti inu ndi amuna anu ndinu banja. Payokha sikupatsani ufulu wolowa ku Britain, wokhazikika kumeneko, kapena wotchedwa nzika. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi fomu yake, ndalama zake ndi nthawi yake. Amene amati ukakwatiwa ndi wa ku Britain basi wasanduka nzika sakunama mwadala, akukumbukira zakale. Chisanafike chaka cha 1983, mkazi wa nzika ankangolembetsa n'kupatsidwa unzika. Lamulo la unzika la 1981, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1983, linasintha zimenezo, ndipo masiku ano mwamuna ngakhale mkazi amadutsa njira imodzi yaitali.

Tsopano za viza ya alendo. Imakulolani kukhala miyezi yosapitirira 6, osagwira ntchito, ndipo poipempha mumalonjeza kuti mudzabwerera. Malamulo a Home Office, unduna woona za anthu olowa ndi kutuluka ku Britain, amanena mosapsatira mawu kuti mlendo sangasinthe viza yake kukhala ya banja ali m'dzikomo. Ayenera kutuluka n'kukapempha ali kwawo. Mphekesera ya "tikakonzera konko" ndikudziwa kumene imachokera. Ku America munthu amene analowa movomerezeka ndipo ali pabanja ndi nzika amatha kupempha chilolezo chokhazikika, chotchedwa green card, ali komweko, ngakhale nakonso akatulukira kuti unalowa ngati mlendo mtima uli pokhazikika, amati unawanamiza. Ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2019 kuti mkazi kapena mwamuna wa nzika azitha kusintha viza osatuluka m'dziko. Anthu amamva nkhani zoterezi kwa abale awo n'kuganiza kuti mayiko onse ndi chimodzimodzi. Ku Britain sizili choncho.

Miyezi 6 ija ikatha inu mudakali komweko, ndiye kuti mukukhala mophwanya lamulo. Simungalembedwe ntchito, simungatsegule akaunti ku banki, ndipo ku England eni nyumba amakakamizidwa ndi lamulo kuona mapepala a munthu asanamulole kuchita lendi. Sindiiwala mayi wina amene anandiimbira foni usiku akulankhula monong'ona. Anali atakhala zaka zinayi motero. Akamva kugogoda pakhomo ankazimitsa wailesi n'kukhala chete kubafa mpaka munthuyo apite. Tsikulo anali atalandira uthenga woti mayi awo ali kayakaya kuchipatala, ndipo funso lawo linali limodzi: "Ndikapita, adzandilola kubwerera kwa ana anga?" Ndinalibe yankho lowasangalatsa. Ena otere amadzapatsidwa chilolezo pambuyo pake, makamaka ngati pali mwana amene ndi nzika, koma amawaika pa njira yodikira zaka 10 m'malo mwa zaka 5 kuti apeze chilolezo chokhazikika, n'kumapempha mwatsopano miyezi 30 iliyonse. Podzapempha unzika, mbiri yokhala mopanda chilolezo ija amadzaiyang'ananso.

Kukacheza kwa amuna anu sikoletsedwa. Mukhoza kupempha viza ya alendo, kunena poyera kuti mukupita kwa amuna anu, n'kubwerera tsiku lisanakwane. Mungodziwa kuti mkazi wa nzika amamuyang'anitsitsa kwambiri chifukwa amakayikira ngati adzabwerera, ndipo mukakanidwanso mwawonjezera kalata ina yoti muzidzaifotokoza. Ine ndikanakonda kuti amuna anu ndi amene abwere kudzakuonani. Ulendo wawo umasanduka umboni wabwino wa banja lanu.

Zobisa viza imene anakukanizani, ayi ndithu, musayerekeze. Tsiku limene munapempha anakujambulani zala ndi nkhope, ndipo zonsezo zili m'kompyuta mwawo. Wogwira ntchito amene adzatsegule fomu yanu adzakhala akudziwa kale yankho la funsolo, akungofuna kuona ngati munena zoona. Kukanizidwa viza ya alendo zaka zitatu zapitazo si mlandu, ndipo kawirikawiri sikulepheretsa viza ya banja, poti zimene amayang'ana pa maviza awiriwa n'zosiyana. Koma kulemba "ayi" pamene yankho ndi "inde" amakutcha chinyengo. Chinyengo chimakanitsa pempho, pa maviza ambiri chimabweretsa chiletso cholowa m'dzikomo cha zaka 10, ndipo chikadzatulukira mochedwa angathe kukulandani ngakhale unzika umene munapatsidwa kale. Dobadoba amene anakulangizaniyo sadzakhalapo tsiku limenelo. Fomu imasainidwa m'dzina lanu, ngakhale wolemba atakhala wina.

Tibwere ku ndalama, pamene pagona nkhani yanu yeniyeni. Kuyambira mu Julaye 2012 nzika yofuna kutenga mkazi kapena mwamuna wake inkayenera kumalandira mapaundi 18,600 pachaka. Pa 11 Epulo 2024 chiwerengerocho chinakwera kufika pa 29,000, msonkho usanachotsedwe. Amuna anu akuperewera ndi 3,000. Pa pempho loyambali, malipiro a ntchito imene inu mukugwira kwanu sawawerengera, koma ndalama zosunga amaziwerengera, kaya zili m'dzina lanu, lawo kapena la nonse awiri. Masamu ake ali motere: mapaundi 16,000 oyamba sawawerengera, kenako kuperewera kuja mumakuchulukitsa ndi 2.5. Kwa inu, 3,000 kuchulukitsa ndi 2.5 ndi 7,500, kuphatikiza 16,000 zikukwana 23,500. Mukakhala ndi ndalama zimenezo ku banki kwa miyezi 6 osatsikapo, mwakwanitsa. Banja lopanda malipiro alionse limafunika 88,500. Mphatso yochokera kwa m'bale imaloledwa ngati ndi mphatso yeniyeni, yakhala m'manja mwanu miyezi 6 ndipo mwanena kumene inachokera. Ngongole siloledwa, ndipo ndalama yongoikidwa lero n'kuchotsedwa mawa imaonekera pa sitetimenti.

Ndikudziwa kuti 23,500 si ndalama yoti munthu n'kungoitola. Kwa mabanja ambiri njira yapafupi imakhala ntchito. Maola owonjezera amawerengedwa, ntchito yachiwiri nayonso imawerengedwa, ndipo mapaundi 3,000 pachaka ndi 250 pamwezi. Amuna anu akapeza pokwezera malipiro mwezi uno n'kupitiriza kwa miyezi 6, mudzakhala okonzeka kupempha chaka chisanathe. Ngati amalandira thandizo la boma la aulumali kapena losamalira wodwala, monga Personal Independence Payment kapena Carer's Allowance, lamulo la 29,000 siliwakhudza, pali kawerengedwe kena kopepukirapo. Afunseni zimenezi, chifukwa abambo ena satchula.

Ine lamulo la malipiroli sindiliona kuti ndi lachilungamo. Limalekanitsa anthu olimbikira ntchito ndi mabanja awo chifukwa cha dera limene akukhala ndi mtundu wa ntchito yawo. Linakafika mpaka ku Supreme Court, khoti lalikulu la ku Britain, ndipo mu 2017 khotilo linati lamulolo likhalepo koma zofuna za ana ziziganiziridwa. Choncho lilipo, ndipo tiyenera kulikwanitsa monga lilili.

Mapempho ambiri amene ndawaona atakanidwa, ndalama zinali zokwana koma umboni unali wosalongosoka. Amafuna mapepala a malipiro a miyezi 6, masitetimenti a ku banki a miyezi yomweyo osonyeza ndalamazo zikulowa, ndi kalata ya abwana yonena ntchito, malipiro ndi tsiku limene anayamba. Pepala lomaliza lisapitirire masiku 28 pofika tsiku lopempha. Banja lina linakanidwa chifukwa sitetimenti inayambira pa 3 pamene malipiro a mweziwo analowa pa 1. Masiku awiri okha anawadyera ndalama zonse za fomu ndi miyezi yambiri yodikira. Muike pepala la malipiro pambali pa sitetimenti, mwezi ndi mwezi, muone ndi chala kuti manambala akugwirizana.

Amafunanso kukhutira kuti banjalo ndi lenileni ndipo likupitirira. Apa anthu amatumiza masamba 300 a mauthenga a pa WhatsApp, poganiza kuti kuchuluka ndiye mphamvu. Sankhani pang'ono mwezi uliwonse, kuyambira pamene munadziwana mpaka lero, osonyeza masiku. Onjezani matikiti a ndege ndi zidindo za m'pasipoti ya amuna anu, zithunzi zochepa zimene mukuoneka ndi abale a mbali zonse, malisiti a ndalama zimene amakutumizirani, ndi kalata yaifupi ya aliyense yofotokoza mmene munakumanirana ndi zimene mwakonza. Musapeke nkhani yokoma kuposa yeniyeni. Ngati munadziwana pa Facebook, nenani choncho. Ngati wina wa inu anakhalapo pabanja, pakhale chikalata cha kukhoti chothetsa ukwati woyambawo kapena cha imfa. Ndaonapo ukwati wachiwiri ukukanidwa chifukwa woyamba unangotha pakamwa, pamapepala ukadalipo. Zina ndi zachidule: umboni wa nyumba yokwanira nonse, mayeso a Chingelezi a mulingo wa A1, omwe ndi kulankhula ndi kumva basi, olembedwa pamalo ovomerezedwa ndi Home Office, komanso kwa ochokera m'mayiko ambiri, kuyezetsa TB kuchipatala chimene iwo anasankha. Mu 2024 fomu inali mapaundi 1,846, ndipo msonkho wa zachipatala unali 1,035 pachaka kwa wamkulu, wolipiriratu zaka zitatu. Mitengoyi imakwera kawirikawiri, ndiye muione pa gov.uk, webusaiti ya boma la Britain, tsiku limene mukupempha. Yankho limatenga pafupifupi masabata 12.

Za mwana ndikufuna mumvetsetse, poti apa ndi pamene amayi ambiri amalira. Ukwati wanu sumupatsa mwanayo chilichonse, amafunika pempho lakelake. Ngati bambo ake omubereka ali moyo, Home Office imafuna umboni woti inu nokha ndi amene mumalamula pa zikuluzikulu za moyo wake. Kalata ya bamboyo yongoti "ndavomera apite" imathandiza koma payokha sikwanira. Amafuna kuona amene anasankha sukulu, amene amalipira fizi, amene aphunzitsi amamuitana mwana akadwala, amene amasaina kuchipatala. Yambani lero kusunga malisiti ndi makalata a kusukulu okhala ndi dzina lanu. Ngati pali chigamulo cha khoti chokupatsani mwanayo, chisungeni bwino. Ndimalangiza kuti mayi ndi mwana apemphere limodzi. Mukamusiya kwa agogo kuti mudzamutenga mukakhazikika, chaka chilichonse chimene chikudutsa chimapereka mpata woti anene kuti akulera mwanayo ndi agogo, ndipo akangokwanitsa zaka 18 njirayi yatsekeka. Chokoma n'chakuti kwa opempha atsopano, 29,000 ija siwonjezeka chifukwa cha ana. Ana amene mudzabereke ndi amuna anuwa nkhani yawo ndi ina: wobadwira ku Britain amakhala nzika chifukwa cha bambo ake, ndipo wobadwira kunja zimadalira mmene bambowo anapezera unzika wawo.

Viza ikatuluka imakhala ya miyezi 33. Mumaloledwa kugwira ntchito ndi kuphunzira, koma thandizo la ndalama la boma simuloledwa. Isanathe mumapempha ina ya miyezi 30, ndipo apa malipiro anu amawerengedwa pamodzi ndi a amuna anu, Chingelezi chimakwera kufika pa A2. Zaka 5 zikakwana mumapempha chilolezo chokhala mpaka kalekale, chimene amachitcha indefinite leave to remain, mutakhoza Chingelezi chapamwambapo ndi mayeso a za moyo wa ku Britain otchedwa Life in the UK, a mafunso 24 m'mphindi 45, ofunika kukhoza 18. Pa zaka zonsezi muzisunga makalata obwera pa adiresi yanu, a magetsi, a khonsolo, a kuchipatala, ena m'dzina lanu, ena m'dzina la nonse. Ndiwo umboni woti mukukhala nyumba imodzi.

Unzika umabwera pomaliza. Anthu ena amadikira chaka atalandira chilolezo chokhazikika, koma mkazi wa nzika amatha kupempha nthawi yomweyo, bola pa zaka zitatu zapitazo sanakhale kunja masiku oposa 270, ndipo pa miyezi 12 yomaliza sanapitirire masiku 90. Mukawerengera zonse, ndi zaka 5 ndi miyezi ingapo kuchokera tsiku lofika. Britain salanda pasipoti ya munthu ndipo amalola unzika wa mayiko awiri. Funso lili ku dziko lanu. Mayiko ena, monga India ndi China, salola, ndipo ena asintha posachedwa, monga Germany mu 2024. Funsani ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu musanalumbire, makamaka ngati muli ndi malo kapena cholowa kwanu. Palibenso wokukakamizani kutenga unzika. Mutha kukhala ndi chilolezo chokhazikika moyo wonse, kungoti chimafa mukakhala kunja kwa Britain zaka ziwiri zotsatizana.

Funso lanu lomaliza ambiri amachita nalo manyazi, ndipo ndasangalala kuti mwalifunsa. Pa zaka 5 zoyambazo chilolezo chanu chimatsamira pa banjalo. Mukasiyana mumayenera kudziwitsa Home Office, ndipo kawirikawiri amafupikitsa viza kukhala ya masiku 60 kuti mupeze njira ina kapena mubwerere. Njira zina zilipo, monga kupempha ngati kholo la mwana amene ndi nzika, kapena kudzera ku ntchito. Amuna anu akamwalira, Mulungu asalole, mumatha kupempha chilolezo chokhazikika osadikira zaka 5. Ndipo banja likatha chifukwa cha nkhanza, lamulo limakupatsani chilolezo cha miyezi itatu chokhala ndi thandizo la boma, kenako mumapempha chokhazikika m'dzina lanu, mwamunayo osafunsidwa. Nkhanza si kumenya kokha. Kukulandani pasipoti, kukutsekerani m'nyumba, kukulandani malipiro, kukuopsezani kuti "ndikubweza kwanu", zonsezi zili m'gulu lomwelo, ndipo ku England ndi Wales khalidwe lopondereza lotere ndi mlandu kuyambira mu 2015. Mwamuna alibe mphamvu yothamangitsa munthu m'dziko. Zikafika poopsa, nambala ya apolisi ndi 999, ndipo kuuza dokotala kumasiya umboni wolembedwa.

Sindikunena izi chifukwa chokayikira amuna anu, sindikuwadziwa. Ndimauza mayi aliyense chimodzimodzi. Masiku ano chilolezo sichikhalanso pa kadi, chili pa intaneti, amachitcha eVisa. Akaunti imeneyo ikhale pa imelo yanu ndi nambala ya foni yanu, ndipo mawu achinsinsi muziwadziwa ndinu. Pasipoti muzisunga nokha, mapepala onse muwajambule n'kutumiza kwa m'bale amene mumamukhulupirira, ndipo tsiku lothera viza mulilembe pamene muzilionapo.

Mabanja ambiri amalemba fomuyi okha n'kupambana. Koma inu muli ndi zinthu ziwiri zofunika diso la katswiri, kukanizidwa kuja ndi nkhani ya mwana, choncho ndikulangizani kuti mulipire ngakhale ola limodzi kwa loya woona za anthu olowa m'dziko musanatumize chilichonse. Ku Britain wopereka malangizo otere ayenera kukhala loya wolembetsedwa kapena wovomerezedwa ndi bungwe la boma la Immigration Advice Authority, lomwe kale linkatchedwa OISC, ndipo amuna anu angathe kufufuza dzina lake pa intaneti. Aliyense wolonjeza kuti viza ituluka ndithu, kapena woti ali ndi munthu wake mkati, muthaweni. Thamangiraninso kwa loya ngati amuna anu amadzilemba okha ntchito, poti umboni wake ndi wovuta, ngati wina wa inu anapezekapo ndi mlandu kukhoti, kapena mukadzakanidwa. Wokanidwa ali kunja amakhala ndi masiku 28 okha ochitira apilo, ndipo nthawi zina kupempha mwatsopano kumafulumira kuposa apiloyo, zomwe loya angakuuzeni akawerenga chifukwa chimene alemba.

Sabata ino fufuzani kalata ija imene anakukanizirani viza, muiwerenge mawu ndi mawu. Ngati chifukwa chake chinali choti sanakhutire kuti mudzabwerera, musade nayo nkhawa, mudzangoitchula pa fomu. Ngati muli mawu okhudza mapepala abodza kapena chinyengo, kapena ngati fomu ya nthawi imeneyo anakulemberani ndi munthu wina ndipo simukudziwa zimene analembamo, imeneyo ndiyo nkhani yoyamba kumuuza loya. Amuna anu nawo akhale pansi ndi abwana awo za maola owonjezera, chifukwa miyezi 6 ija imayamba kuwerengedwa pa malipiro oyamba okwana.